Kodi mano ogwirira pa tizitsulo ta m'fupa amasinthadi moyo wa munthu amene mano anatha?

Mphunzitsi wopuma pantchito:

Moni nonse a pagulu lino. Ndine mayi wa zaka 63, ndipo mano anga onse anatha zaka 9 zapitazo chifukwa cha matenda a nkhama, amene ndinawalekerera kwa nthawi yaitali poyesa kuti kutuluka magazi potsuka mano n'kochitikira aliyense. Kuchokera nthawi imeneyo ndimavala mano oikirira. A m'mwamba amagwira bwino ndipo sindidandaula nawo, koma a m'munsi amangoyendayenda m'kamwa, amandichititsa zilonda m'nkhama, ndipo ndikakweza mawu amanyamuka. Mwezi watha ndinkawerengera mdzukulu wanga buku, ndipo nditafika pakati pa chiganizo mano a m'munsi anatsetsereka n'kugundana ndi a m'mwamba. Mwanayo sananene kanthu, anangondiyang'ana pakamwa, koma ine ndinatseka bukulo pomwepo, munthu amene ndinaphunzitsa ana kuwerenga mokweza kwa zaka zoposa 30. Masiku ano ndikaitanidwa kumene kuli anthu ambiri ndimayamba ndadya ndekha kunyumba, kuti kumeneko ndikanene kuti ndakhuta. Dokotala wanga wandiuza kuti pali njira yosomeka tizitsulo m'fupa la nsagwada, timene amati ma implant, kuti mano azigwirira pamenepo. Za maonekedwe sindikuda nazo nkhawa kwenikweni. Ndikufuna kumva kwa inu amene munadutsamo ngati moyo wanu wa tsiku ndi tsiku unasinthadi, kapena munangochotsa vuto lina n'kulowetsa linzake.

Dokotala wa mano:

Amayi, zimene mwafotokozazi timazimva kawirikawiri, ndipo si kuti inuyo mukulephera kuvala manowo. Mano oikirira a m'mwamba amakuta kumwamba konse kwa m'kamwa, choncho amamatirira mothandizidwa ndi malovu. A m'munsi alibe malo otakasuka chotero, amangotsamira pa kamtunda kakang'ono ka nkhama, lilime likuwakankhira kunja, masaya ndi milomo zikuwabwezera mkati. Kuwonjezera apo, fupa limene linkagwira mizu ya mano limayamba kuchepa dzino likangochoka, chifukwa silikulandiranso mphamvu ya kutafuna. Limachepa mofulumira m'miyezi yoyambirira, kenako limapitiriza pang'onopang'ono kwa moyo wonse, ndipo nsagwada ya m'munsi imatha msanga kuposa ya m'mwamba. N'chifukwa chake mano amene ankakukwanani zaka 9 zapitazo lero akugwedera.

Implant ndi kachitsulo ka titaniyamu kokhala ndi mazinga, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kamene kamalowa m'malo mwa muzu wa dzino. Chimene chimachititsa kuti kagwire chinapezeka mwangozi. Mu 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, ankafufuza kayendedwe ka magazi m'fupa la akalulu pogwiritsa ntchito kachipangizo ka titaniyamu, ndipo atafuna kukachotsa anapeza kuti fupa lamera n'kukagwira mwamphamvu moti sikankachoka. Mu 1965 anaika tizitsulo totere m'nsagwada ya m'munsi ya munthu woyamba, Gösta Larsson, ku Gothenburg, ndipo bamboyo anakhala nato zaka zoposa 40 mpaka pamene anamwalira mu 2006.

Pa vuto lanu lenilenilo, sipafunika kachitsulo pa dzino lililonse. Mu 2002 akatswiri a mano anakumana pa yunivesite ya McGill ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo anagwirizana kuti kwa munthu wopanda dzino lililonse m'munsi, chithandizo choyamba kuganizira chizikhala mano oikirira ogwirira pa tizitsulo tiwiri tokha, toikidwa kutsogolo kwa nsagwada. Manowo amavulidwabe usiku ndi powatsuka, koma akavalidwa amakola pa timitu ta tizitsuloto ndipo sayandamanso.

Woyendetsa galimoto wopuma pantchito:

Amayi, ine ndili ndi tizitsulo tiwiri timene Adokotala akunenato, ndipo chaka chino ndakwanitsa nato zaka 6. Ndisanaike ndinkayenda ndi kachubu ka mankhwala omatira mano m'thumba la malaya, ndipo ndisanadye pagulu ndinkayamba ndalowa kaye kuchimbudzi kukapaka. Tsiku limene anandiveka mano atsopano ndinamva kaphokoso kakang'ono kakuti kha, mbali iyi ndi iyo, ndipo dokotala anandiuza kuti ndiyese kuwakankha ndi lilime. Ndinakankha ndi mphamvu zonse koma sanasunthe. Ndinatuluka m'chipindamo n'kukakhala pabenchi panja kwa kanthawi, ndikungotchula ndekha mawu amene kale ndinkawapewa chifukwa ankanyamula mano.

Kutafuna kunasinthadi, moti zakudya zolimba zimene ndinazisiya zaka zambiri ndinayambiranso kudya. Koma chimene ndimachiwerengera kwambiri n'chakuti ndinasiya kuganizira za m'kamwa mwanga. Kale mnzanga akamandiyankhula, theka la maganizo anga linkakhala pa nkhaniyo, theka lina likulondera mano. Mkazi wanga ndi amene anayamba kuona kuti ndasiya kuphimba pakamwa ndi dzanja poseka, ine ndisanazindikire n'komwe.

Ndisakubiseni mbali inayo. Mkati mwa manowo muli timphira timene timagwira timitu ta tizitsulo, ndipo timatha, choncho ndimabwerera kwa dokotala kuti akasinthe. Zakudya zimalowabe pansi pa mano, ndipo ndikatha kudya ndimayenera kuwavula n'kutsuka. M'mawa ndi madzulo ndimatsuka kuzungulira kachitsulo kalikonse ndi mswachi wofewa, osadumphitsa tsiku.

Agogo a zaka 78:

Ndawerenga zonsezi ndipo ndikusangalala nawo Abambo amene athandizikawo, koma ndikupempha kuti tisachititse anthu kuganiza kuti wovala mano oikirira wamba ndi munthu womvetsa chisoni. Ine ndawavala zaka 22. Chaka choyamba chinali chowawa, ndinkadziluma masaya ndipo mawu ankatuluka mopotoka, koma lilime ndi masaya zinaphunzira kugwira manowo, ndipo lero ndimadya ndi kucheza popanda vuto. Akayamba kugwedera ndimapita kukawonjezetsa mkati mwake kuti akwanenso, ndipo ndawasinthitsa katatu. Ana anga anandinyengerera kuti ndikaike tizitsulo, koma ndinakana, chifukwa sindinaone chimene ndikusowa choti n'kulolera opaleshoni pa msinkhu wangawu. Mwanawe amene wafunsa, usanavomere kuboola fupa, yamba wafunsa ngati mano amene uli nawowo anakonzedwapo m'zaka 9 zonsezi.

Mphunzitsi wopuma pantchito:

Zikomo kwambiri Agogo, funso lanulo ndi loyenera. Anawonjezeredwa mkati kawiri, ndipo zaka 2 zapitazo ndinapangitsa atsopano. Amakhala bwino kwa miyezi ingapo, kenako amayambiranso. Dokotala wanga anandiyang'anitsa pagalasi n'kundionetsa kuti nkhama ya m'munsi yatsala pang'ono kufanana ndi pansi pa lilime, moti palibenso pogwira.

Dokotala wa mano:

Agogo anena zoona, ndipo ndikanakonda kuti madokotala ambiri azimva mawu otere. Pali anthu amene fupa lawo limachepa pang'ono, amene amazolowera mano oikirira n'kukhala mosangalala, ndipo oterewo sapindula zambiri ndi opaleshoni. Kale ife tinkayeza chithandizo poona zithunzi za fupa basi, koma mu 1994 Gary Slade ndi John Spencer a ku Australia anakonza mndandanda wa mafunso 49 wotchedwa Oral Health Impact Profile, umene pambuyo pake unafupikitsidwa kukhala mafunso 14. Mafunsowo safunsa za fupa. Amafunsa ngati munthu amavutika kutchula mawu, ngati amasiya chakudya pakati, ngati amachita manyazi, ngati amakwiya msanga ndi anzake, ndiponso ngati moyo wake wonse wasiya kumukomera chifukwa cha m'kamwa. Pamene ofufuza anayerekezera anthu ovala mano wamba a m'munsi ndi amene anaikidwa tizitsulo tiwiri, kawirikawiri a tizitsulo ndi amene ankayankha kuti mavutowa achepa kwambiri. Koma amene amasintha kwambiri ndi amene anali pa mavuto aakulu poyamba. Agogo atayankha mafunsowa lero, pafupifupi onse anganene kuti ayi, pamene Amayi aphunzitsi, malinga ndi zimene alemba, angavomere ambiri.

Nkhaniyi si ya anthu ochepa. Lipoti la 2022 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linasonyeza kuti padziko lonse, mwa anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, pafupifupi 23 mwa 100 aliwonse alibe dzino ngakhale limodzi. Ambiri mwa iwo sadzakhala ndi mwayi wa tizitsulo chifukwa chithandizochi chimafuna ndalama zambiri, zipangizo ndi dokotala wophunzira bwino, choncho luso lopanga mano oikirira abwino likufunikabe kwambiri.

Bambo amene kachitsulo kanachoka:

Ndakhala ndikuzengereza kulemba, koma ndaona kuti Amayiwa ayenera kumvanso kwa munthu amene zinamukanika. Ine ndinaikidwa tizitsulo titatu m'mwamba chakumbuyo, m'malo mwa mano amene anazulidwa. Dokotala anandifunsa ngati ndimasuta fodya, ndipo ndinayankha kuti ndimasuta mwa apo ndi apo, pamene zoona zake zinali zakuti paketi sinkafika madzulo. Anandichenjeza kuti fodya amachepetsa magazi ofika m'nkhama ndipo amachedwetsa kupola, koma ndinangomva n'khutu limodzi. Zaka 3 zoyambirira zinayenda bwino, moti ndinasiya kupita kukaonetsa, poganiza kuti chitsulo sichibooka ngati dzino.

N'zoona kuti chitsulo sichibooka, koma nkhama ndi fupa zozungulira zimadwala. Ndinayamba kuona timagazi pa mswachi, kenako fungo limene silinkatha ngakhale nditsuke bwanji, koma popeza sipankapweteka sindinachitepo kanthu. Tsiku lina ndinadina nkhama ndi chala ndili pagalasi ndipo panatuluka mafinya. Chithunzi chinasonyeza kuti fupa lozungulira kachitsulo kamodzi ladyeka ngati dzenje, ndipo anakachotsa. Tiwiri tinato anatipulumutsa movutikira. Miyezi imene inatsatira inandipweteka mumtima kuposa nthawi imene mano enieniwo anazulidwa, chifukwa ulendo uno ndinkadziwa kuti ndadzichititsa ndekha. Akuluakulu amati walira mvula walira matope, ndipo ine mvulayo ndinaifuna koma matopewo ndinawakana. Fodya ndinasiya zaka 4 zapitazo, ndipo tsopano sindiphonya tsiku lokaonetsa.

Namwino wosamalira okalamba:

Abambo, zikomo chifukwa cha kulimba mtima kwanu. Ndiwonjezere zinthu zimene ndimaziona pantchito yanga, chifukwa Amayi aphunzitsi akusankha chinthu chimene adzakhale nacho mpaka ukalamba weniweni.

Ndasamalirapo okalamba amene anaikidwa mano omangiridwa pa tizitsulo tambiri, osavulika, ali ndi mphamvu zawo. Manowo anawathandiza kwa zaka zambiri, koma manja atayamba kunjenjemera, kapena mutu utayamba kuiwala, kutsuka pansi pake kunawakanika, ndipo ife osamalira timavutika kufikapo ndi mswachi ngati munthuyo sakufuna kuyasamula. Mano ovulika ogwirira pa tizitsulo tiwiri ndi osavuta, chifukwa ndimawavula, kuwatsuka m'manja mwanga, kupukuta timitu tiwirito, basi. Munthu akamasankha, ndi bwino aganizirenso za manja amene adzamutsuke m'kamwa iye akadzalephera.

Za kadyedwe nazo zimanamiza. Timayembekezera kuti munthu akayamba kutafuna bwino ayambiranso kudya zipatso, masamba ndi zina zimene anasiya, koma kafukufuku wasonyeza kuti ambiri amapitiriza kudya zofewa zomwe anazolowera, pokhapokha wina atawalangiza. Chizolowezi cha zaka zambiri sichichoka tsiku limene mano agwira.

Ndipo Amayi, mukamapita kwa dokotala mutenge mankhwala onse amene mumamwa. Matenda a shuga osasamalidwa bwino amachedwetsa kupola ndipo amachititsa kuti nkhama zizidwala msanga. Amayi ambiri a msinkhu wanu amamwa kapena kubayidwa mankhwala olimbitsa mafupa a gulu la bisphosphonate, ndipo amenewa nthawi zina amalepheretsa fupa la nsagwada kupola likabooledwa. Amene analandirapo chithandizo cha khansa chowotcha ndi cheza m'mutu kapena m'khosi nawonso ayenera kunena.

Mtsikana wogwira ntchito yolandira alendo:

Makolo anga, ndikudziwa kuti vuto langa ndi laling'ono poyerekeza ndi lanu, koma mwina lithandiza wina amene akuwerenga. Ndinataya dzino limodzi lakutsogolo pa ngozi ya njinga ndili ndi zaka 15. Madokotala anakana kundiika kachitsulo nthawi imeneyo, ndipo anafotokoza kuti nsagwada ya mwana imakhala ikukulabe, mano enieni amasuntha limodzi nayo, pamene kachitsulo kamakhala pamalo amodzi, choncho pakapita zaka dzinolo limaoneka lalifupi kuposa anzake. Ndinavala kadzino kovulika kwa zaka 6, ndipo m'zithunzi zonse za nthawi imeneyo milomo yanga ndi yotseka.

Nditakula anandipatsa njira ziwiri. Yoyamba inali yopala mano awiri oyandikana ndi gwerulo kuti agwire dzino lapakati ngati mlatho, ndipo yachiwiri inali kachitsulo. Ndinasankha kachitsulo chifukwa sindinafune kuti mano awiri abwinobwino apalidwe. Popeza fupa linali litapyapyala, anayamba aliwonjezera kaye, ndipo zonse zinatenga pafupifupi chaka.

Lero palibe amene amadziwa kuti dzino lina si langa, ndipo ntchito yanga yomwetulira anthu tsiku lonse ndimaigwira mtima uli m'malo. Chinthu chimodzi chokha chimene sanandiuze n'chakuti dzinoli silimva ngati anzake. Ndikaluma chinthu ndi dzino lenileni ndimadziwa nthawi yomweyo kulimba kwake, koma ili limangokhala duu, ndipo poyamba ndinkaluma mopitirira muyeso osadziwa.

Dokotala wa mano:

Achemwali mwaona bwino. Dzino lenileni silimatirira ku fupa mwachindunji, limalendewera pa timinyewa ting'onoting'ono tokhala ndi mitsempha, ndipo timeneti ndi timene timauza ubongo kuti mwaluma kamchenga. Kachitsulo kamagwirana ndi fupa popanda timinyewa timeneti, choncho kumva kwake n'kochepa. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene timayesetsera kupulumutsa dzino lenileni ngati n'kotheka, m'malo mothamangira kulizula kuti tiike chitsulo. Matenda amene Abambo amene ankasuta fodya aja afotokoza amatchedwa peri-implantitis, ndipo amakonda kugwira osuta fodya, osatsuka bwino, ndi amene mano awo anatha chifukwa cha matenda a nkhama. Amayi aphunzitsi, inu muli m'gulu lomalizali, choncho kukaonetsa pafupipafupi kudzakhala mbali ya chithandizo chanu kwa moyo wonse. Kwa anthu osankhidwa bwino ndi osamalira bwino, tizitsulo toposa 90 mwa 100 tiliwonse timakhala tikugwirabe ntchito pakatha zaka 10.

Mphunzitsi wopuma pantchito:

Ndathokoza nonse, makamaka Abambo amene mwaulula za fodya ndi Anamwino. Ine sindisuta ndipo shuga ndilibe, koma ndakhala ndikumwa mapiritsi olimbitsa mafupa kamodzi pa sabata kwa zaka 2, ndipo sindinaganizepo kuti dokotala wa mano angafune kudziwa zimenezi. Adokotala, ndili ndi mafunso awiri amene akundisowetsa tulo. Popeza fupa langa lachepa kwa zaka 9, kodi sindinachedwe kale? Ndipo opaleshoniyo imapweteka motani, nanga pamene ndikudikira kuti papole ndidzakhala wopanda mano?

Dokotala wa mano:

Amayi, za mapiritsiwo mukanene ndithu, ndipo musawasiye panokha musanakambirane ndi dokotala amene anakulemberani. Chiopsezo chimakhala chochepa kwa amene amamwa mapiritsi kwa zaka zowerengeka kusiyana ndi amene amalandira mankhwalawa kudzera m'mitsempha chifukwa cha khansa, koma madokotala anu awiriwo ayenera kugwirizana chimodzi asanayambe chilichonse.

Za kuchedwa, sindingakuyankheni ndisanaone chithunzi, koma musataye mtima. Kutsogolo kwa nsagwada ya m'munsi, chapachibwano, ndi malo amene fupa limakhala lolimba ndipo limatsalira ngakhale kumbuyo kutatha. Malowa alinso kutsogolo kwa pamene mtsempha waukulu wa nsagwada umatulukira kupita ku mlomo wa m'munsi. Mtsempha umenewu ukakhudzidwa, mlomo ndi chibwano zimachita dzanzi kwa nthawi yaitali, mwinanso mpaka kalekale, ndipo n'chifukwa chake dokotala wosamala amayamba wajambula chithunzi choonetsa kukhuthala kwa fupa ndi pamene mtsempha wadutsa. M'mwamba chakumbuyo ndi mmene mumavuta kwambiri, chifukwa fupa ndi lofewa ndipo pamwamba pake pali mphako za mpweya zolumikizana ndi mphuno, koma inu kumeneko simukufunika kanthu.

Opaleshoniyo imachitika munthu ali maso, atabayidwa jakisoni wa dzanzi ngati wa pozula dzino. Mumamva kukankha ndi phokoso la chipangizo koma osati ululu. Dzanzi likatha pamakhala kuwawa ndi kutupa kwa masiku ochepa, kumene mankhwala opha ululu wamba amachepetsa. Kenako fupa limafuna nthawi kuti limere pa chitsulo, kawirikawiri miyezi 3 m'munsi ndiponso mpaka miyezi 6 m'mwamba, ngakhale masiku ano madokotala ena amafupikitsa nthawiyi ngati kachitsulo kagwira zolimba tsiku loyamba. Pa nthawi yodikira mumavalabe mano anu akale, atafewetsedwa mkati kuti asadine pabala, kupatula masiku oyambirira pamene mwina angakuuzeni kuti muwavule.

Woyendetsa galimoto wopuma pantchito:

Nditsimikizire zimene Adokotala anena za ululu, chifukwa nanenso ndi zimene ndinkaopa. Kuzulidwa kwa mano anga akale kunandipweteka kuposa kuikidwa kwa tizitsulo. Chimene chinandivuta chinali kudikira. Kwa masiku 10 ndinakhala wopanda mano m'munsi ndipo sindinatuluke pakhomo, kenako kwa miyezi 3 ndinkavala mano akale omwe aja, ogwedera kuposa kale, ndikudya zofewa zokhazokha. Panali masiku amene ndinkadzifunsa ngati sindinataye ndalama zanga pachabe. Amayi, musankhe nyengo imene mulibe zochitika zazikulu pabanja, ndipo pakhomo pakhale munthu wodziwa zimene mukudutsamo, kuti musamavutike kufotokoza chifukwa chimene mwasiyira kuyankhula kwambiri.

Agogo a zaka 78:

Mwanawe, ndamva kuti mano akowo anakonzedwa kale kangapo ndipo fupa latha. Pamenepo vuto lako ndi losiyana ndi langa, ndipo sindikuletsa. Ndingokupempha kuti dokotala amene akuikayo akhale woti udzatha kumufikira chaka ndi chaka, chifukwa malinga ndi zimene anzathuwa anena, timphira timeneto ndi nkhama zidzafuna munthu woziyang'anira.

Mphunzitsi wopuma pantchito:

Ndamva, Agogo, ndipo ndalemba zimenezo pamodzi ndi mafunso ena m'kope langa. Dzulo ndinaimbira dokotala wanga wa mano n'kumuuza za mapiritsi a mafupa aja. Anandithokoza, ndipo anati alembera kalata dokotala amene anandipatsa mankhwalawo asanakonze tsiku lililonse la opaleshoni. Chithunzi cha nsagwada ndikajambulitsa Lachinayi sabata yamawa, ndipo mwana wanga wamkazi wavomera kundiperekeza kuti akamve nawo zimene akanene, popeza ndi iye amene adzandisamalire m'miyezi yodikirayo. Ndapemphanso kuti akandionetse mmene timitu ta tizitsuloto timatsukidwira, ndiyese ndi manja anga ndisanavomere. Ndikabwerako ndidzakuuzani ngati fupa lapezeka lokwanira tizitsulo tiwiri.